Chotupa chikamakula tsiku ndi tsiku, musadikire mwezi uthe

Chaka cha 2025 chidabwera ndi nkhani yabwino kwa odwala khansa m'dziko muno. Boma lidatsegulira chipatala chachikulu cha khansa, National Cancer Centre, ku Lilongwe pafupi ndi Kamuzu Central. Kumeneko kuli makina a radiotherapy, aja amaotcha chotupa ndi cheza champhamvu. Kwa zaka zambiri, wofuna chithandizo chotere ankalembedwa pamndandanda wopita ku India ndi maiko ena, ndipo ena ankamwalira akudikira.

Inu amene mudamva nkhaniyi pawailesi muli ku Kandeu, kwa Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, mwina mudadzifunsa kuti zikusintha chiyani pakhomo panu. Funsoli ndi loyenera. Pali gulu la khansa ya m'magazi imene imathamanga kwambiri, ndipo pa khansa imeneyi makina aja sindiwo chida chachikulu. Imachizidwa ndi mankhwala omwe akhala akupezeka m'zipatala zathu zazikulu kwa zaka zambiri. Chimene chimapha ana ambiri ndi masabata amene amatayika pakati pa mudzi ndi chipatala chachikulu. Masabata amenewo ali m'manja mwa makolo, alangizi a zaumoyo, anthu odzipereka a m'midzi ndi ife ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono.

Khansa ya m'magazi imene imatupa

Ambiri akamva za khansa ya m'magazi amaganiza za magazi oonongeka kapena ochepa. Koma pali mtundu wina, wotchedwa lymphoma, umene umaoneka ngati chotupa. Umayambira m'maselo oyera a m'magazi, aja timawatcha asilikali a m'thupi. Asilikaliwa amasonkhana m'timfundo ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, tomwe tikatupa timati mwanabere. Selo limodzi likasokonekera n'kuyamba kuswana osaleka, limapanga chotupa. Ndipo popeza asilikali amayenda thupi lonse, chotupacho chikhoza kumera paliponse: m'nsagwada, kuseri kwa diso, m'matumbo, mu impso, m'chiwindi, m'thumba la mazira mwa atsikana, mumsana, ngakhale m'tiziwalo ting'onoting'ono totchedwa adrenal.

Mwa ana a ku Malawi, mtundu wodziwika kwambiri ndi Burkitt lymphoma, yomwe kwa zaka zambiri yakhala pamwamba pa khansa zonse za ana m'dziko muno. Imakonda ana a zaka zapakati pa 4 ndi 9, ndipo anyamata amadwala kwambiri kuposa atsikana. Ili m'gulu la zotupa zothamanga kwambiri zimene madokotala akuzidziwa mwa munthu: maselo ake amatha kuwirikiza kawiri m'maola 24 mpaka 48. Kachotupa kamene Lolemba kanali ngati mtedza, pofika Lolemba linalo kakhoza kukhala kataphimba tsaya lonse.

Chifukwa chiyani kuno kwathu?

Dzina la matendawa lidachokera kwa Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wa ku Ireland yemwe ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda. Mu 1958 adalemba za ana amene ankabwera ndi zotupa m'nsagwada, omwenso ankapezeka ndi zotupa zina m'mimba, kuphatikizapo mu impso ndi mu adrenal. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adayenda ulendo wa masabata khumi pagalimoto, makilomita oposa 15,000, kufunsa m'zipatala za kummawa ndi kummwera kwa Africa ngati amaona ana otere. Dziko lathu, lomwe panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, lidali pa ulendowo.

Adapeza kuti matendawa amachuluka m'madera otsika, otentha ndi a mvula yokwanira, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, koma amachepa m'mapiri ozizira. Mapu ake adafanana ndi mapu a malungo. Munthu wa ku Ntcheu sangavutike kumvetsa zimenezi. Udzudzu wa m'chigwa cha Bwanje sungafanane ndi wa kumapiri a Tsangano kumene kumachokera mbatata ya kachewere.

Mu 1964, akatswiri atatu a ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong, adapeza kachilombo m'maselo a chotupa chotere, komwe lero kamatchedwa Epstein-Barr. Kachilomboka kamafala kudzera m'malovu, ndipo pafupifupi mwana aliyense kuno amakatenga ali wamng'ono popanda kudwala. Vuto limabwera mwana akamadwala malungo pafupipafupi. Malungo amakakamiza asilikali a m'thupi kuswana mofulumira komanso amafooketsa mphamvu ya thupi yoletsa kachilombo kaja. M'chipwirikiti chimenecho, selo limodzi limatha kulakwitsa malangizo ake a kaswanidwe, khansa n'kuyamba. Kafukufuku wa ku Blantyre yemwe adasindikizidwa mu 2008 adapezanso zomwezi mwa ana a ku Malawi: odwala khansayi ankaonetsa zizindikiro zambiri za malungo ndi kachilomboka m'magazi mwawo kusiyana ndi ana ena.

Mfundo ziwiri zimveke bwino apa. Yoyamba, khansayi siyopatsirana. Mwana wodwala akhoza kudyera mbale imodzi ndi abale ake. Yachiwiri, si mwana aliyense wodwaladwala malungo amene adzadwale khansa. Ochuluka kwambiri sadwala. Komabe neti yonyikidwa m'mankhwala ndi kulandira msanga mankhwala a malungo zili ndi phindu loposa limene timaliwerengera.

Tiziwalo tobisika pamwamba pa impso

Munthu aliyense ali ndi adrenal ziwiri, imodzi pamwamba pa impso iliyonse, ngati kachipewa. Iliyonse imalemera magalamu 4 kapena 5 okha, koma popanda izo munthu sangakhale ndi moyo. Zimatulutsa mahomoni, timadzi tonyamula mauthenga m'magazi. Homoni ya cortisol imathandiza thupi kupirira matenda ndi kusunga shuga wokwanira m'magazi. Ya aldosterone imasunga mchere ndi madzi kuti BP isatsike. Ya adrenaline ndi ija imathamangitsa mtima mukaona njoka pakhomo.

Khansa ya lymphoma imafika mu adrenal m'njira ziwiri. Kawirikawiri imakhala itayambira kwina n'kufalikira kumeneko, monga zimachitikira mwa ana ena a Burkitt amene chotupa chadzaza m'mimba. Njira yachiwiri ndi yosowa kwambiri padziko lonse: khansa kuyambira mu adrenal momwemo. Imeneyi imakonda akuluakulu, makamaka abambo a zaka za m'ma 60 kupita m'tsogolo, nthawi zambiri imagwira mbali zonse ziwiri, ndipo imathamanga.

Choopsa chake n'chakuti kunja sikuoneka kanthu. Zizindikiro zimayamba gawo lalikulu la tiziwalo tonse tiwiri litaonongeka kale, ndipo zimafanana ndi matenda ena ambiri: kufooka kosatha, kuonda, kusafuna kudya, kusanza, kupweteka m'mimba kapena m'nthiti, chizungulire poimirira, kulakalaka mchere, ndi kuda kwa khungu makamaka m'mizere ya m'manja, m'nkhama ndi m'zipsera. Munthu wotere akadwala kamatenda kena kakang'ono, BP imatha kutsika mwadzidzidzi, shuga kutha, iye n'kukomoka. Apo pamafunika dripi ndi jakisoni wa hydrocortisone mwachangu. Osadikira kuti kuche.

Koma musathamangire kuganiza za khansa nthawi zonse mukaona zizindikirozi. Kuno kwathu, chimene chimaononga adrenal kawirikawiri ndi chifuwa chachikulu cha TB chikafalikira kunja kwa mapapo, komanso matenda ena amene amagwira anthu omwe ali ndi HIV chitetezo chikatsika. Pamene dokotala wa ku London, Thomas Addison, ankafotokoza koyamba za kufooka kwa adrenal mu 1855, TB idali m'gulu la zimene adapeza mwa odwala ake. Kusiyanitsa TB ndi khansa sikungatheke ndi maso. Kumafuna kuyeza.

Pamene masiku amatayikira

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 7 m'mudzi wina kufupi ndi Kandeu. Tsaya latupa pang'ono, dzino likugwedera. Amayi akuti ndi dzino lomwe likufuna kuguluka, agogo akuti ndi matsagwidi. Sabata yatha. Agula panado pagolosale. Sabata yachiwiri apita kuchipatala chaching'ono, ayezedwa malungo, apezeka nawo, alandira LA ndi mankhwala opha tizilombo. Malungowo ndi oona, koma sindiwo atupitsa tsaya. Sabata yachitatu chotupa chakula, achibale ayamba kunong'ona za anthu oipa, mwana apita naye kwa sing'anga kukatema mphini. Sabata yachisanu mimba yatupa, mwana sakudya, miyendo yayamba kulemera. Apa ndi pamene banja likugulitsa mbuzi kuti lipeze thiransipoti ya ku Ntcheu boma.

Munkhani imeneyi mulibe kholo losakonda mwana wake. Aliyense adachita chimene ankachiona chanzeru. Ndipo tisabise: nafenso azachipatala timataya masiku. Pamzere pakakhala anthu ochuluka, n'kosavuta kulemba mankhwala a malungo n'kuitana wotsatira osagwira mimba ya mwana. N'kosavuta kupereka mankhwala opha tizilombo kachiwiri ndi kachitatu m'malo molemba kalata yotumiza wodwala patsogolo. Ena amazula dzino logwedera, chotupa n'kupitiriza kukula pamalo pomwepo. Akuluakulu ena a mwanabere wosatha amamwa mankhwala a TB miyezi ingapo osasintha, pomwe vuto lili lymphoma.

Pali msampha winanso umene muyenera kuudziwa, wa mankhwala a prednisolone. Mankhwalawa amapezeka mosavuta, ndipo ena amagula okha pofuna kuchiza kutupa, mphumu kapena kuphwanya kwa thupi. Amaphwetsa chotupa cha lymphoma kwa masiku ochepa, banja n'kusangalala, kenaka chotupa chimabwerera. Choipitsitsa, wodwala akafika kuchipatala chachikulu atamwa kale mankhwalawa, zoyeza zimatha kusokonekera, madokotala osaona bwino mtundu wa khansa. Komanso munthu amene wamwa prednisolone kwa masabata angapo, adrenal zake zimagona chifukwa mankhwalawa amagwira ntchito ya cortisol. Akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka ngati munthu amene adrenal zake zaonongeka. Musayambe nokha, ndipo ngati mwamwa nthawi yaitali musasiye nokha. Uzani achipatala zonse zimene wodwala wamwa, za kugolosale ndi za zitsamba zomwe.

Zizindikiro zosafunika kuzengereza

Pitani ndi mwana kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake mukaona chimodzi mwa izi:

Kutupa kwa tsaya, nsagwada kapena khosi kumene kukukula moonekera, kawirikawiri kosapweteka kwenikweni.

Mano angapo kugwedera nthawi imodzi pamalo otupa.

Diso kutong'oka kapena kusuntha pamalo pake.

Mimba kukula mofulumira kapena kumva cholimba mukaigwira, pomwe mwana akuonda.

Miyendo kufooka mwadzidzidzi, kulephera kuyenda, kapena kulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi. Ichi n'changozi: chotupa chikhoza kukhala chikupanikiza mtsempha wa mumsana, ndipo kuchedwa kumasiya mwana wolumala.

Kwa ana ndi akulu omwe, mwanabere wolimba amene wapitirira masabata awiri osaphwa atalandira mankhwala, makamaka akamabwera ndi kutentha thupi, thukuta lonyowetsa zofunda usiku ndi kuonda, akufunika kuonedwanso. Anthu amene ali ndi HIV akhale tcheru kwambiri chifukwa lymphoma imawagwira kawirikawiri kuposa ena, ndipo kumwa ma ARV mwandondomeko kumachepetsa chiopsezochi.

Matsagwidi amapweteka, amatupitsa kunsi kwa khutu, ndipo amaphwa okha pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi. Chotupa chimene chikukulirakulira m'malo mophwa si matsagwidi.

Zimene zimachitika mukatumizidwa

Kuchokera kuchipatala chaching'ono, wodwala amapita kuchipatala cha boma ku Ntcheu. Kumeneko amayeza magazi, HIV ndi TB, ndi kuunika m'mimba ndi sikani. Akakayikira khansa, amatumiza kuchipatala chachikulu. Ana odwala khansa amathandizidwa makamaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre, komwe Pulofesa Elizabeth Molyneux adagwira ntchito zaka zambiri kukonza chithandizo cha ana a Burkitt chogwirizana ndi chuma cha dziko lathu. Boma la Ntcheu lili pamsewu wa M1 pakati pa mizinda iwiriyi, choncho mtunda si waung'ono mbali zonse.

Kuchipatala chachikulu amatenga timaselo kapena kachidutswa ka chotupa ndi singano n'kukaunika pa makina. Ena amaopa kuti chotupa chikabayidwa chimakwiya n'kufalikira. Si zoona. Popanda kuyeza kumeneku dokotala sangadziwe mtundu wa matenda, ndipo mwa ana muli zotupa zina za m'mimba, monga khansa ya impso yotchedwa Wilms ndi neuroblastoma imene imakonda kuyambira mu adrenal, zomwe chithandizo chake n'chosiyana.

Burkitt imachizidwa ndi mankhwala a khansa olowetsa m'mitsempha, omwe achipatala amati chemotherapy, monga cyclophosphamide, vincristine, doxorubicin ndi methotrexate. Ena amabayidwa kumsana pofuna kuteteza ubongo. Kuthamanga komwe kumaopsa kuja ndiko kumapangitsanso kuti khansayi imve mankhwala msanga, moti chotupa chimayamba kuphwa m'masiku ochepa. Masiku oyambawo ndi osamalitsa, chifukwa maselo a khansa akamafa ambiri nthawi imodzi zinyalala zake zimalemetsa impso. N'chifukwa chake mwana amapatsidwa madripi ambiri ndipo anamwino amafunsa za mkodzo pafupipafupi. Tsitsi limathothoka koma limameranso. Mwana amene ali pa mankhwalawa akatentha thupi ali kunyumba, thamangirani kuchipatala chapafupi ndipo muwauze kuti ali pa chithandizo cha khansa, chifukwa asilikali ake amakhala atachepa.

Kodi amachira?

M'maiko olemera, ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse odwala Burkitt amachira. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth adaonetsa kuti ngakhale ndi mankhwala ochepa ndi otsika mtengo, pafupifupi theka la ana amakhala bwino, ndipo ofika chotupa chisanafalikire ndiwo amachira kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pomwe m'maiko ambiri osauka safika 30. Mu 2018 bungweli lidakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti pofika 2030, ana osachepera 60 mwa 100 alionse odwala khansa padziko lonse azichira, ndipo Burkitt ili m'gulu la khansa zisanu ndi imodzi zimene lidasankha kuyambira chifukwa n'zochizika.

Kusiyana kwa ziwerengerozi sikuchokera ku mankhwala okha. Mwana amene wafika atanyentchera sapirira mankhwala amphamvu. Amene khansa yalowa m'mafuta a m'mafupa kapena muubongo amavuta kuchiza. Ndipo pali ana amene amayamba bwino koma osamaliza. Chotupa chikaphwa pambuyo pa mankhwala oyamba, kholo limaona mwana akuseka ndi kudya, kumudzi munda ukudikira kupalira, ana ena atsala okha, ndalama ya ulendo wina palibe. Banja silibwereranso. Koma maselo a khansa amakhala asanathe, ndipo Burkitt ikabwerera imakhala youma mutu, mwayi wochira umachepa kwambiri. Mankhwalawa m'zipatala za boma ndi aulere. Chimene chimagonjetsa mabanja ndi thiransipoti, chakudya cha gadiyani ndi ntchito zotsala kunyumba.

Ndiye chifukwa chake chipatala chatsopano cha ku Lilongwe, ngakhale n'chofunika kwambiri kwa amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'mawere komanso odwala khansa ya kummero, sichingakweze chokha chiwerengero cha ana a Burkitt ochira. Pafunika ambulansi yokhala ndi mafuta, zotsatira za zoyeza zotuluka m'masiku ochepa, mankhwala osadukiza, magazi okwanira m'nkhokwe, ndi njira yothandizira mabanja akutali pa maulendo. Izi n'zimene makomiti a zipatala, makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo ayenera kumafunsidwa.

Gawo lanu

Inu makolo, posambitsa mwana gwirani khosi ndi mimba yake. Mukaona chotupa, kumbukirani tsiku limene mwachiona, ndipo ngati muli ndi foni yojambula, jambulani lero ndi mkuja kuti achipatala aone kusintha. Tengani buku la kuchipatala pa ulendo uliwonse. Mukalandira mankhwala koma chotupa chikukula, musadikire kuti mankhwalawo athe. Bwererani, ndipo funsani mwaulemu koma mosabisa mawu kuti: kodi sangakhale matenda ofunika kukaonedwa kuchipatala cha boma? Funso limenelo si mwano, ndipo wachipatala wabwino sakwiya nalo. Abambo ndi amalume, amene nthawi zambiri chilolezo ndi ndalama ya ulendo zimachokera kwa inu, dziwani kuti kudikira kuti tsiku la msika lifike kapena mbewu zigulitsidwe ndi nthawi yaitali kwambiri pa matenda awa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Inu alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka, mumaona ana kusikelo ndi m'makomo ife tisanawaone. Mwana wa chotupa chokula msanga musamuuze kuti adzabwere mwezi wamawa. Lembani kalata yomutumiza, muikemo tsiku limene chotupa chidayamba, ndipo pakapita masiku awiri kafunseni ngati banja lapita. Mwana akabwerera kumudzi ali pakati pa chithandizo, dziwani tsiku limene akuyembekezeka kuchipatala ndipo kumbutsani banja sabata isanakwane. Ngati vuto ndi ndalama, kambiranani ndi amfumu, mpingo kapena mzikiti, ndi gulu la banki m'khonde nthawi ikadalipo. Mukamva mphekesera zoloza agogo ena ufiti chifukwa cha tsaya la mwana, fotokozani zimene mwawerenga pano: matendawa ali ndi dzina, chiyambi chake chikudziwika, ndipo mankhwala ake alipo.

Pa 15 February chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira ana odwala khansa. Ku Kandeu sikufunika chionetsero chachikulu patsikuli. N'kokwanira kuti kusikelo ya mwezi umenewo mlangizi atenge mphindi khumi kuonetsa amayi mmene angagwirire khosi ndi mimba ya mwana, ndi kuwauza kumene angapite akapeza chotupa.